Kusankha mpeni wa kutchire: chitsulo chake ndi amene anausula

Munthu akafuna mpeni woyenda nawo kutchire, kaya ndi mlenje, msodzi, wokwera mapiri kapena wokagona kumsasa, amakumana ndi manambala ozokotedwa pachitsulo: 1095, 14C28N, D2, S30V. Ogulitsa amawatchula ngati kuti nambalayo ndi imene imadula. Ndanola mipeni kwa zaka zambiri, ndipo chimene ndaona n'chakuti dzina la chitsulo limangonena zimene mpeni ungathe kuchita ukapangidwa bwino. Kuti uchitedi zimenezo, zili kwa amene anauwotcha pamoto ndi kuuumba kukamwa. N'chifukwa chake m'malangizo awa dzina la chitsulo silibwera poyamba.

Choyamba: lembani ntchito zimene mpeniwo udzagwire

Tengani pepala mulembe ntchito zitatu zimene mudzagwira kawirikawiri, osati zimene mumaziganizira mukaona zithunzi za otsatsa malonda. Kusema timitengo tokolezera moto, kudula chingwe ndi kusongola zikhomo za tenti kumafuna mpeni wopyapyala. Kusenda chikopa cha nyama kumafuna mpeni wamimba yokhota umene subuntha msanga, chifukwa ubweya ndi mchenga wa pachikopa zimadya kuthwa. Kuwaza nkhuni pomenya msana wa mpeni ndi chipika kumafuna chitsulo chopirira. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi kugwetsa mitengo, gulani nkhwangwa kapena chikwanje, mpeni muusiyire ntchito zake.

Lembaninso kumene mudzayende. Kunyanja ya mchere ndi kunkhalango ya mvula yambiri n'kosiyana ndi malo ouma. Funsaninso za malamulo a dziko limene muli: ku Germany, mwachitsanzo, kuyenda pagulu ndi mpeni wosapinda wopitirira masentimita 12 popanda chifukwa chomveka n'koletsedwa.

Chachiwiri: mvetsani zinthu zimene zimakokanakokana m'chitsulo

Apa tikhalitsepo, chifukwa mukamva izi, manambala onse aja sakusokonezaninso.

Chitsulo cha mpeni ndi ayironi wosakaniza ndi kaboni pang'ono, nthawi zambiri kuyambira 0.5 kufika 1.5 peresenti. Kaboniyo ndi amene amalola chitsulo kuuma chikawotchedwa n'kuziziritsidwa mwadzidzidzi. Kuuma kumeneku amakuyeza ndi makina a Rockwell, amene amakanikiza nsonga ya diamondi pachitsulo ndi mphamvu ya makilogalamu 150 n'kuona kuzama kwa chibowo chake. Zotsatira amazilemba kuti HRC. Mipeni yambiri ya kutchire imakhala pakati pa 56 ndi 62 HRC. Chitsulo chouma chimasunga kuthwa ndipo kukamwa kwake sikupindika, koma chikapyola muyezo chimabenthuka ngati mbale yadothi.

Kupirira ndi nkhani ina. Chitsulo chopirira chikagunda fupa kapena mfundo ya mtengo, kukamwa kwake kumangopindika pang'ono, ndipo mukanola kamphindi kamabwerera. Chosapirira chimasiya kachibenthu kamene kamafuna kudya chitsulo chambiri kuti kachoke.

Kenako pali timibulu touma kwambiri totchedwa carbide, timene timapangika kaboni akagwirana ndi kromiyamu kapena vanadiyamu, zitsulo zina zimene amasakaniza momwemo. Ganizani za miyala m'konkire. Miyala ikachuluka, konkire sithetheka msanga poyendapo, koma miyala ikuluikulu imasiya malo ofooka oyambira ming'alu. Momwemonso timibulu tikachuluka, mpeni umadula zingwe ndi zikopa nthawi yaitali osabuntha, koma umavuta kunola ndipo kupirira kumachepa.

Chomaliza ndi dzimbiri. Kuti chitsulo chitchedwe stainless, kutanthauza chosachita dzimbiri wamba, chimayenera kukhala ndi kromiyamu wosachepera 10.5 peresenti, ndipo zambiri za mipeni zimakhala ndi 13 kapena kuposa. Harry Brearley wa ku Sheffield ndi amene amatchuka kuti anatulukira chitsulo chotere mu 1913. Koma kromiyamu amene wamangika m'timibulu tija sateteza ku dzimbiri. N'chifukwa chake D2, ngakhale ili ndi kromiyamu pafupifupi 12 peresenti, imachitabe mawanga: kaboni wake wa 1.5 peresenti amamanga kromiyamu wambiri.

Palibe chitsulo chimene chimapambana pa zonsezi nthawi imodzi. Mukakweza china, china chimatsika. Pepala lanu lija ndi limene likuuzeni choyenera kutaya.

Chachitatu: sankhani pakati pa chitsulo cha kaboni ndi cha stainless

Dzifunseni moona mtima: kodi ndidzapukuta mpeniwu ndi kuupaka mafuta ndikamaliza ntchito, ngakhale nditatopa, mvula ikugwa? Ngati yankho ndi ayi, tengani stainless, nkhani yatha. Ngati ndi inde, chitsulo cha kaboni chili ndi zabwino zake: chimanoleka pamwala uliwonse, chimathwa modabwitsa, ndipo msana wake umatulutsa moto mukaugunda ndi mwala wouma ngati nsangalabwi. Pakapita nthawi chimada n'kukhala chotuwa kapena chobiriwira pang'ono. Mtundu umenewo si vuto, umatetezako ndithu. Dzimbiri lofiira ndi limene limadya chitsulo.

Kale anthu ankati stainless sithwa ndiponso sipirira. Zimenezo zinali zoona pa zitsulo zina zakale, koma lero sizigwiranso pa zonse. Zitsulo za ku Sweden monga 12C27 ndi 14C28N zili ndi timibulu tating'ono kwambiri, moti zimathwa ndi kupirira mofanana ndi zitsulo zambiri za kaboni, mwinanso kuposa.

Chachinayi: dziwani mabanja a zitsulo

Simufunika kuloweza mayina mazana. Ingodziwani mabanja anayi.

Banja la kaboni wamba lili ndi 1075, 1084 ndi 1095. Manambala awiri omaliza amanena kuchuluka kwa kaboni, choncho 1095 ili ndi pafupifupi 0.95 peresenti. Kaboni wocheperapo amapereka kupirira kochuluka, n'chifukwa chake zikwanje zambiri amazipanga ndi 1075 kapena zofanana nayo. Abale ake ndi 5160, chitsulo cha masipuling'i a galimoto chimene chimapirira nkhanza kwambiri, 80CrV2 imene amisiri a ku Finland amaikonda, ndi O1. Zonsezi zimachita dzimbiri mukazisiya zonyowa usiku umodzi wokha.

Banja lachiwiri ndi stainless yosavuta kunola: 420HC, 12C27, 14C28N, AUS-8 ya ku Japan ndi 8Cr13MoV ya ku China. Anthu ena amazinyoza chifukwa n'zotsika mtengo. Ine sindigwirizana nawo. Kwa munthu amene akugula mpeni wake woyamba wa kutchire, 14C28N ndi chitsulo chimene ndimatchula mosakayika. Ili ndi kaboni wa 0.62 peresenti, kromiyamu 14 ndi nayitrojeni pang'ono wothandiza kukana dzimbiri. Imabuntha msangako poyerekeza ndi zitsulo zodula, koma mphindi ziwiri pamwala zimakwanira.

Banja lachitatu ndi la timibulu tambiri: D2, 440C, N690 ya kampani ya Böhler ku Austria, ndi VG-10 ya ku Takefu ku Japan. Izi zimasunga kuthwa nthawi yotalikirapo, choncho zimakomera alenje. Koma D2 ili ndi timibulu tikulutikulu, ndipo mukaiwazira nkhuni zamfundo imatha kubenthuka. Pa mpeni wosendera ndi yabwino. Pa mpeni womenya ndi chipika ndimaipewa.

Banja lachinayi ndi zitsulo za ufa. Pozipanga, chitsulo chosungunuka amachipemerera kuti chikhale ufa wosalala, kenako ufawo amaupanikiza pamoto waukulu mpaka ugwirane. Mwanjira imeneyi timibulu timakhala tating'ono ndi tomwazika mofanana, choncho chitsulo chimatha kunyamula vanadiyamu wambiri osasanduka chophwanyika. Kampani ya Crucible ya ku Syracuse, New York, ndi imene inatchukitsa zitsulo za dzina loyamba ndi CPM. S30V inatuluka mu 2001 mothandizana ndi wopanga mipeni Chris Reeve, ndipo S35VN inatsatira mu 2009 ili yopirirako ndi yosavuta kuigwiritsa ntchito popanga mpeni. M390 ya Böhler ndi Elmax ya Uddeholm zili m'banja lomweli. CPM 3V ndi ya amene akufuna mpeni wosathyoka wamba, koma kromiyamu wake ndi 7.5 peresenti chabe, ndiye imafunabe mafuta. MagnaCut, imene katswiri wa zitsulo Larrin Thomas anakonza n'kutuluka mu 2021, ili ndi kromiyamu 10.7 peresenti yokha, koma anaisakaniza mwakuti kromiyamuyo asamangike m'timibulu. Zotsatira zake, imakana dzimbiri kwambiri ndipo imapirira bwino. Ndi chitsulo chabwino zedi, koma mtengo wake ndi wokwera ndipo chimafuna mwala wonolera woyenera.

Kwa okhala m'madzi amchere tsiku lililonse pali H1 ndi LC200N, zimene kampani ya Spyderco yagwiritsapo ntchito pa mipeni yake yotchedwa Salt. M'zitsulo zimenezi nayitrojeni amatenga malo a kaboni wambiri, ndipo dzimbiri silizigwira wamba.

Chachisanu: onani mwala wonolera umene muli nawo

Anthu ambiri amalumpha apa, kenako n'kumadandaula. Mpeni uliwonse umabuntha, ngakhale wa chitsulo chodula chotani. Funso ndi lakuti ukabuntha muli pakati pa nkhalango, mudzautani? Timibulu ta vanadiyamu n'touma kuposa miyala wamba yonolera. S30V kapena M390 mukaiika pamwala wamba mudzakhula nthawi yaitali, zotsatira zake n'kukhala zochepa. Zitsulo zimenezi zimafuna chonolera cha diamondi. Pamene 1095, 420HC kapena 12C27 zimamvera mwala wamba, ngakhale mwala wosalala wa mumtsinje pakavuta.

Choncho ngati simunaphunzire kunola, musayambe ndi chitsulo cha ufa. Yambani ndi chimene chimayankha msanga pamwala, kuti dzanja lanu liphunzire kusunga kapendekedwe kamodzi. Madigiri pafupifupi 20 mbali iliyonse amakwanira pa ntchito zambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kunola kumafuna mtima womwewo.

Chachisanu ndi chimodzi: yang'anani kaumbidwe ka mpeni

Mpeni wopyapyala wa chitsulo wamba umadula bwino kuposa mpeni wochindikala wa chitsulo chapamwamba. Morakniv Companion ndi wochindikala mamilimita 2 mpaka 2.5 basi, ndipo umasema mtengo mofewa. Ka-Bar Becker BK2 ndi woposa mamilimita 6: umawaza nkhuni ngati nkhwangwa koma posema umatopetsa dzanja. Pa ntchito zosiyanasiyana, mamilimita 3 mpaka 4 ndi utali wa masentimita 9 mpaka 12 ndi poyambira pabwino.

Kasongoledwe ka mbali zake nakonso kali ndi mawu. Kamene amakatchula kuti scandi, kochokera kumayiko a kumpoto kwa Ulaya, kali ndi mbali imodzi yotakata yotsikira kukamwa. Ponola mumangoigoneka pamwala, ndiye ndi kosavuta kwa woyamba kumene, komanso kamaluma mtengo bwino. Kasongoledwe kosalala kuchokera kumsana mpaka kukamwa kamacheka nyama ndi zingwe bwino koposa. Kotukuka ngati nkhwangwa kamalimbitsa kukamwa, koma kamafuna chikopa chonolera ndi dzanja lozolowera.

Onaninso m'chigwiriro. Ngati mudzamenya msana wa mpeni ndi chipika, sankhani umene chitsulo chake chimadutsa chigwiriro chonse mpaka kumapeto, n'kumaoneka m'mbali. Mpeni wopinda, ngakhale wa loko wolimba, suyenera ntchito imeneyo. Ndipo chigwiriro chigwireni ndi dzanja lonyowa ngati n'kotheka. Chimake chisagwedere, mpeni usasololoke mukachizondotsa.

Chachisanu ndi chiwiri: sankhani wopanga

Tsopano tafika pa mutu weniweni. Chitsulo chikachoka kufakitale chimakhala chofewa. Wopanga mpeni amachiwotcha mpaka madigiri oposa 800 ngati ndi cha kaboni wamba, kapena oposa 1,000 ngati ndi stainless, n'kuchiziziritsa mofulumira, kenako n'kuchifunditsanso pamoto wochepa wa madigiri pafupifupi 200 kuti chisakhale chophwanyika. Akalakwitsa pang'ono pa kutentha kapena pa nthawi, chitsulo chabwino chimasanduka chachabechabe. Ngakhale ponola komaliza ndi makina, kukamwa kukatentha mopyola kumafewa. Zonsezi simungazione ndi maso m'sitolo. Mumadalira mbiri ya wopanga.

Chitsanzo chimene chimandiphunzitsa nthawi zonse ndi kampani ya Buck ya ku Post Falls, Idaho. Amagwiritsa ntchito 420HC, chitsulo chimene papepala chimaoneka chotsika. Koma kawotchedwe kamene anakhazikitsa katswiri wowotcha zitsulo Paul Bos kamachifikitsa pa 58 HRC, ndipo mipeni ngati Buck 110 ndi Buck 119 yatumikira alenje kwa zaka makumi ambiri. 420HC yomweyo m'manja mwa wopanga wosasamala imabuntha pa chingwe chimodzi.

Kampani ya ESEE inasankha njira ina: 1095 yawo amaisiya pakati pa 55 ndi 57 HRC mwadala, kuti ipindike m'malo mothyoka, ndipo amalonjeza kusintha mpeni wa 1095 ukathyoka osafunsa chifukwa, ngakhale dzimbiri salilandira ngati chifukwa. Morakniv wa m'tauni ya Mora ku Sweden, amene mizu yake imafika mu 1891, amapanga mipeni yotsika mtengo ya chitsulo cha kaboni ndi cha 12C27, komanso Garberg wa 14C28N amene chitsulo chake chimadutsa chigwiriro chonse. Fällkniven wa ku Boden amakuta chitsulo chouma pakati pa zitsulo zofewa, ndipo F1 wawo wakhala mpeni wa oyendetsa ndege zankhondo za Sweden kuyambira 1995. Helle wa ku Norway, woyambira mu 1932, nayenso amadziwika ndi zitsulo zosanjikiza katatu. Pa mipeni yopinda yothandizira, Opinel wa ku France, amene anayamba mu 1890, ndi Victorinox wa ku Switzerland, wa 1884, amagwiritsa ntchito zitsulo zosavuta kunola ndipo khalidwe lawo silisinthasintha.

Sindikunena kuti mugule kwa awa okha. Ndawatchula kuti muone chimene amafanana: ambiri amanena poyera dzina lenileni la chitsulo ndi HRC yake, ali ndi keyala yodziwika, ndipo akhala nthawi yokwanira kuti zolakwa zawo zidziwike. Wopanga aliyense muyezeni ndi mafunso omwewo. Ngati palembedwa kuti "surgical steel" kapena "440" popanda chilembo chotsatira, dziwani kuti akubisa kanthu, pakuti 440A ndi 440C n'zosiyana kutali pa kuchuluka kwa kaboni. Chenjeraninso ndi mipeni ya mizeremizere yokongola yotchedwa Damascus yogulitsidwa motchipa popanda kunena zitsulo zimene anasanjikiza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Izi ndinaziona ndekha. Nthawi ina ndinagula pa intaneti mpeni wokongola wolembedwa D2, kwa wogulitsa amene sanatchule kumene unapangidwa. Tsiku loyamba kumsasa ndinasema kamtengo kouma, kukamwa n'kupindika ngati chitini. Nditaukhudza ndi tupa, chitsulo chinadyeka mosavuta, chizindikiro chakuti sichinawotchedwe mokwanira, mwinanso sichinali D2 n'komwe. Chinandipweteka si ndalama ayi, koma kuti ndinali kutali ndi kwathu ndi chida chimene sindikanachidalira. Mipeni yachinyengo yonamizira mayina otchuka iliponso yambiri, choncho gulani kwa ogulitsa amene kampaniyo imawatchula pa tsamba lake, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa, bwererani m'mbuyo.

Nanga mmisiri wosula payekha? Ena mwa iwo amapanga mipeni yoposa ya m'mafakitale, ndipo amaumba chigwiriro molingana ndi dzanja lanu. Mufunseni mwaulemu: bambo, chitsulochi n'chiyani ndipo munachipeza kuti? Mumawotcha bwanji, ndipo kutentha mumakuyeza ndi chiyani? Mmisiri wodziwa ntchito yake amakondwa ndi mafunso amenewa. Amene amasula ndi zitsulo zakale monga masipuling'i angathe kupanga mpeni wabwino, bola avomere kuti ndi zimenezo, ndipo alole kuti muuyese asanalandire malipiro onse. Wosula ndi ng'anjo ya makala amachita bwino ndi zitsulo za kaboni wamba. Akakuuzani kuti wawotcha stainless kapena chitsulo cha ufa pamakala poyang'ana mtundu wa moto ndi maso, kayikirani, chifukwa zitsulo zimenezo zimafuna ng'anjo yoyezedwa bwino.

Chachisanu ndi chitatu: uyeseni musanapite nawo kutali

Mpeni ukafika, yang'anani kumsana ngati ndi wowongoka, ndipo onani ngati mbali ziwiri zinasongoledwa mofanana. Gwedezani chigwiriro mumve ngati pali polira. Chekani pepala kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga: pamene pakukoka kapena kung'amba ndi pamene pali vuto. Kenako semani mtengo wouma kwa mphindi khumi, mukupewa misomali ndi mchenga, n'kuyang'ana kukamwa padzuwa. Kukamwa kwakuthwa sikunyezimira. Mukaona kamzere kowala, papindika kapena pabuntha.

Kubenthuka pang'ono pa tsiku loyamba kusakuthamangitseni kubweza mpeni. Nthawi zina kukamwa kwa kufakitale kumakhala kotenthedwa ndi makina, ndipo mukanola kawiri kapena katatu mumafika pa chitsulo chabwino. Ngati vutolo likupitirira pambuyo pake, jambulani zithunzi mulembere wopanga nthawi yobweza isanathe.

Ukapambana mayeso amenewa, usambitseni, muupukute uume, ndipo ngati ndi wa kaboni muupake mafuta pang'ono, amene savulaza munthu ngati mudzadulira chakudya. Posunga nthawi yaitali utulutseni m'chimake cha chikopa, chifukwa chikopa chimasunga chinyezi ndipo mpeni umachita dzimbiri uli momwemo. M'chikwama cha ulendo, pambali pa mpeniwo, ikanimo chonolera chaching'ono chimene mwachiyesa kale pa chitsulo chomwecho.